Mkono wa Kelinu

Malemu Kelinu Psaila ankadziwika pachilumba chonse cha Malta ndi chinthu chimodzi: akawerama patebulo la sinuka n'kuloza ndodo pa mpira, sankaumenya. Ndodo inkangopita kutsogolo, kubwerera, kupitanso, kubwereranso, ngati munthu wocheka thabwa ndi sowo yobuntha, koma mpira uli phee pamalo pake. Anthu anamupatsa dzina loti Chiboliboli. Ena m'mudzi mwathu ankachita kulumbira kuti chiboliboli cha Nikola Woyera, chimene timanyamula pamapewa tsiku la chikondwerero, chinkayenda mtunda wautali pachaka kuposa mkono wa Kelinu.

Musamve ngati anali munthu wozizira. Ine Indri ndinakula naye, ndipo ndikukuuzani kuti ankadya mothamanga, ankayankhula mothamanga, ngakhale mkazi wake Rożina anamufunsira mothamanga mpaka mtsikanayo anavomera asanamvetse funso. Komanso si mipira yonse imene inkamumanga. Mpira wovuta, wobisala kuseri kwa unzake, woti aliyense wapukusa kale mutu, ankaugwetsa akuseka. Wom'manga unali wosavuta, uja wokhala pakamwa penipeni pa dzenje, woti ngakhale agogo ako angaugwetse ndi mpini wa tsache.

Tebulo lathu lili m'chipinda chapansi cha kalabu ya bandi, ndipo ife oyimba timaphunzirira m'chipinda chapamwamba. Ine ndimamenya ng'oma yaikulu. Patebulo limenelo ndi pamene Kelinu anayambira, ndipo pofika msinkhu wometa ndevu panalibenso munthu pachilumba wofuna kusewera naye. Anakwera ndege kupita ku Mangalande ndi ndodo yake m'kabokosi kakatali, n'kukalowa m'gulu la akatswiri amene sinuka ndiyo ntchito yawo. Zimene ankachita kumeneko sitinkaziona. Foni ya pakalabu inkangolira, Turu wogulitsa tiyi n'kuyankha, n'kutembenuka kunena kuti, "Wapambananso," ife n'kuyamba phokoso.

Muyenera kumvetsa chimene Kelinu anali kwa ife. A mudzi woyandikana nawo anali ndi bandi yoyimba bwino kuposa yathu, ndikuvomera ngakhale zikundiwawa. Makombola awo ophulitsa pachikondwerero ankakwera m'mwamba kuposa athu. Belu la tchalitchi chawo linkatidzutsa ife m'nyumba zathu zomwe. Koma ife tinali ndi Kelinu, ndipo mkangano uliwonse wa m'basi unkathera pamenepo.

Vuto linayamba chaka chimene anabwera kudzadya nafe chikondwerero. Tinamupempha kuti asewere pakalabu mudzi wonse umuone. Anthu anadzaza mpaka pamasitepe, Bambo Mfumu atakhala kutsogolo, azimayi atasuzumira m'mawindo. Kelinu analowa atavala kajekete kopanda mikono ndi kataye kapakhosi. Anagwetsa mipira yofiira yonse, anagwetsa yamitundumitundu, n'kutsala wakuda wokha, uli pafupi ndi dzenje. Ine ndinali nditatambasula kale manja kuti ndiwombe. Anawerama. Ndodo inayamba ulendo wake uja, ndipo sinafike.

Poyamba tinkayesa nthabwala za ku Mangalande, tinaseka. Kenako kuseka kunatha. Tiyi anazizira m'matambula.

"Kelinu," anatero Turu, "ukudikira basi?"

"Ndikumenya."

"Liti?"

"Mkonowu sukumva."

"Uuze mokweza, mwina wagona."

Kelinu anaweramuka, napaka choko kunsonga kwa ndodo, naweramanso. Zomwezo. Pomaliza Bambo Mfumu anayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi ya mapemphero yakwana, ndipo anthu anatuluka mwakachetechete ngati achoka pamaliro. Akulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo ine mwini ng'oma ndingachitire umboni kuti tsiku limenelo inali lende pakhoma.

Mudzi wonse unasanduka madokotala. Dokotala weniweni anaupinda mkonowo, kuutambasula, kuugogoda, n'kunena kuti ungathe kunyamula bulu. Bambo Mfumu anabwera pakalabu ndi kambale ka madzi odalitsa kuti awaze ndodo.

"Abambo, madzi ayi," anatero Kelinu atayikumbatira. "Ingapindike."

"Mwana wanga, awa ndi madzi odalitsa."

"Ine ndikudziwa, Abambo. Koma mtengowu sudziwa."

Anagwirizana kuti awaze bokosi. Atalephera a mpingo, anabwera azakhali a Rożina, mayi okalamba odziwa za diso loipa. Anayatsa masamba a azitona m'chiwaya n'kuzungulira tebulo akufukiza, mpaka nsalu yobiriwira ija inanunkha utsi nyengo yonse yotentha. Pomaliza anati, "Pali maso amene akum'gwira mwanayu." Tonse tinatembenuka kuyang'ana mbali ya mudzi woyandikana nawo uja, ndipo mlungu umenewo m'basi munachitika ndewu.

Mankhwala anapezeka mwangozi, ndipo anapezeka ndi ine. Tsiku lina masana tikuphunzira nyimbo pamwamba, Kelinu anali m'chipinda chapansi ataumirira pa mpira wake osaumenya, anthu atamuzungulira. Ine ndinasokoneza kuwerenga n'kumenya ng'oma pamalo pamene aliyense anayenera kukhala chete. Pansi panamveka kuti khoo, kenako chisokonezo. Turu anakwera masitepe akupuma mwawefuwefu.

"Indri, wachita chiyani?"

"Ndalakwitsa, basi. Kodi iwe sulakwitsa?"

"Lakwitsanso."

Zinapezeka kuti Kelinu akadzidzimuka, mkono unkaiwala mantha ake n'kupita wokha. Ndinatsitsa ng'oma n'kuimika pambali pa tebulo. Akaumirira, ine dii, mpira m'dzenje. Ndinayenda modzitukumula mwezi wonse, ndipo ndikanakhala ndi mchira ndikanaugwedeza. Rożina yekha ndi amene sanasangalale. Anandiyang'ana ine ndi ng'oma yanga n'kunena kuti, "Alamu, ndiye muzikakwera nayo ndege?"

Ananena zoona, chifukwa sinuka ya akatswiri ndi masewera a chete. M'holo ya mpikisano simuloledwa ngakhale kutafuna mtedza. Woyimbira masewero amavala magolovesi oyera, ndipo ukangopuma mokweza amakuloza ndi chala choyeracho, alonda n'kukutulutsa. Koma ife tinati mutu umodzi susenza denga, Kelinu asapitenso yekha ku Mangalande. Tinayamba kumutsatira, ine, Turu, ndi wina aliyense wopeza mpata, titavala majasi obwereka onunkha mankhwala a njenjete.

Tinagawana ntchito. Turu anatenga chifuwa. Anaphunzira kutsokomola kwamtundu wina kochokera pansi pamimba, koma nthawi sankaidziwa. Ulendo woyamba anatsokomola pamene wopikisana ndi Kelinu ndiye anali patebulo, munthuyo n'kuphonya, holo yonse n'kutiyang'ana ngati akuba. Ine ndinatenga kugwetsa zinthu. Ndinagwetsapo ambulera, ndinagwetsapo makiyi, ndinagwetsapo chitini cha masiwiti chimene chinagubuduzika masitepe onse mpaka kukaima pamapazi a woyimbira. Nthawi zina zinkathandiza, mpira n'kulowa. Koma tikangotulutsidwa kunkatsala ena a ife m'kati, atagwira mipando, akumuyang'anitsitsa Kelinu ndi maso opempha, ndipo mpira wosavuta wotsatira unkamumanganso. Sipanatenge nthawi, alonda a m'maholo onse anatidziwa. Ankatilandira pakhomo ngati abale, n'kutikhazika pafupi ndi potulukira kuti asadzavutike kuyenda.

Kelinu sankadandaula. Tikakumana panja pamvula, atagonja, ankatigulira tchipisi n'kumatiseka. "Turu, chifuwa chija chinali cha munthu kapena cha bulu?" Ife tinkaseka naye. Gulu la akatswiri lili ndi khomo lotulukira lalikulu kuposa lolowera. Ukamagonjagonja amakutsitsa pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina umangopezeka uli panja. Pa msinkhu umene Kelinu anafika, akanatuluka sakanabwereranso. Tinkamuona akutsetsereka, ndipo chimene tinali nacho chomugwirira chinali chifuwa cha Turu ndi ambulera yanga.

Masewero omaliza anachitikira konkuno. Akatswiri anabwera kudzapikisana m'holo ya hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo zinali zodziwika kuti Kelinu akapambana atsala m'gulu chaka china, akagonja ntchito yatha. Wopikisana naye anali mnyamata wa ku Scotland dzina lake Kinnear, waziphuphu kumaso, woti akanatha kukhala mwana wake. Mudzi wonse unalembetsa mabasi. Ngakhale a mudzi woyandikana nawo anabwera, akuti kudzaona mmene tichitire manyazi.

M'mawa mwake, Misa itatha, Kelinu anatiimitsa pakhomo la tchalitchi.

"Ndikupempha chinthu chimodzi," anatero. "Lero pasakhale wotsokomola, pasakhale wogwetsa kanthu. Pano ndi kwathu. Ngati ndikutsala, nditsale ndi mkono wanga, ndipo ngati ndikutuluka ndituluke nawo."

"Nanga chifuwa chenicheni chikandigwira?" anafunsa Turu.

"Umeze."

"Amwene," ndinatero ine, "kamodzi kokha, pa mpira womaliza."

"Indri, lumbira."

Tinalumbira tonse, Bambo Mfumu ali mboni. Amene sanalumbire anali Fredu, wopanga makombola a mudzi wathu, chifukwa ntchito yakeyo inam'tsekera makutu kalekale ndipo sanamve chilichonse. Iye anali ndi nzeru zake. Anabwereka bwato, n'kuikamo kombola lalikulu limene ankasungira chikondwerero, n'kukaima panyanja kuseri kwa hotela. Ananong'oneza Turu, monong'ona mwa munthu wosamva kumene kumamveka msewu wonse, kuti Kelinu akaumirira, Turuyo angogwedeza mpango woyera pawindo. Turu anayesa kumuuza za lumbiro, Fredu n'kungomusisita paphewa.

Titalowa tinaona kuti holoyo inalibe windo ngakhale limodzi.

Kelinu anasewera masana amenewo monga sindinamuonerepo. Mnyamatayo ankamusiyira mipira yovuta dala, ndipo anali kum'patsa chakudya chake. Anagwetsa ina yoti sindingathe kukufotokozerani, yodutsa m'makona, yobwerera chafutambuyo. Akafika pa wosavuta ankachedwa, thukuta lili kamukamu, koma mwanjira ina ankaukankha. Anafika pa gemu yomaliza ali ofanana, ndipo gemuyo inafika pa mpira wakuda: wougwetsa ndiye wapambana. Kinnear anamenya mwamphamvu. Mpirawo unagunda m'mphepete, unazungulira tebulo, n'kudzaima pakamwa penipeni pa dzenje.

Alendo akunja ochepa amene analipo anati mnyamata watha. Ife mitima inagwa. Akanausiya pakati pa tebulo, kapena kuseri kwa dziko, tikanasangalala.

Kelinu anapaka choko. Anawerama. Ndodo inapita, inabwerera, inapita, inabwerera.

Sindinakhalepo wopanda ntchito ngati mmene ndinalili nthawi imeneyo. Dzanja langa lamanja linayamba kunyamuka lokha kufunafuna chomenyera, mpaka ndinachita kulikhalira. Makiyi anali m'thumba, akundiwotcha pantchafu. Turu anali atafiira ngati phwetekere, akumeza chifuwa chenicheni chimene chinam'gwira ndithu, misozi ili chuchuchu. Korona yopempherera ya Bambo Mfumu inaima pakati pa zala. Rożina anali atatembenuzira nkhope kukhoma. Enafe, mudzi wathunthu, tinali titam'yang'anitsitsa osaphethira, aliyense akukankha mkonowo ndi mtima wake, ndipo mkonowo sunapite.

Kenako anaweramuka, n'kutembenukira kwa woyimbira.

"Ndaugunda," anatero.

Woyimbirayo anadabwa. Iye sanaone kanthu, ife sitinaone kanthu, Kinnear naye anapukusa mutu. Koma Kelinu anati nsonga ya ndodo yakhudza mpira woyera pang'ono pokha, pa kupita ndi kubwerera kuja. Kumeneko ndi kulakwa, ndipo kulakwa pa mpira womaliza ndiko kutha kwa gemu. Mwambo wa masewerowa ndi wakuti wolakwa amadzinenera yekha ngakhale palibe waona. Ndi mwambo wabwino, ndipo tsiku limenelo ndinaudana nawo.

Anapita kukagwira chanza mnyamatayo. Ali chigwirire choncho, kunja kunaphulika chinthu chimene chinagwedeza matambula onse m'hotela. Fredu anali atatopa kudikira mpango. Kinnear anadziponya pansi pa tebulo, woyimbira anagwira mutu ndi magolovesi ake oyera, ndipo Kelinu anaima pakati pa holo akuseka mpaka anatsamira pa ndodo. Anali yekha woseka.

M'basi yobwerera, Turu anapita kukakhala naye.

"Palibe anaona, Kelinu."

"Ine ndinamva."

"Ukanangokhala chete."

"Ndinakhala chete nthawi yaitali, Turu, sunaone?"

Sanapitenso ku Mangalande. Anatenga ntchito yosamala tebulo la pakalabu, n'kupatsidwa kiyi wake. Ankalisesa ndi burashi, kulisita ndi simbi yake yolemera, n'kumakalipira aliyense woika tambula m'mphepete. Tinakalamba naye choncho. Masana ena, akamva kukoma, ankaika mpira wakuda pafupi ndi dzenje n'kuwerama, ndipo kalabu yonse inkaima. Osewera makhadi ankasiya makhadi m'manja, Turu ankatsitsa wailesi, wotafuna pastizi, zitumbuwa zathu za kuno, ankasiya kutafuna. Tinkauzana kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadekha mpaka tsitsi linayera, ndipo nthawi zonse ankaweramuka n'kunena kuti, "Mawa, anyamata."

Anamwalira ndi matenda a mtima nyengo yozizira, asanadwale n'komwe mokwanira kuti tizolowere. Pamaliro tinayimba ife, ndipo bandi ya mudzi woyandikana nawo inabwera yosaitanidwa n'kuyenda pambuyo pathu. Anayimba bwino kuposa ife ngakhale tsiku limenelo, ndipo palibe anawadandaula.

Patapita milungu ingapo, Rożina anabwera pakalabu kudzabweza kiyi. Anapeza ine ndi Turu. Anaima n'kuyang'ana tebulo.

"Alamu," ndinatero, kuti ndingoyankhulapo, "mkono uja unatilanda munthu wamkulu."

"Mkono uti?" anatero. "Amuna anga, bambo a Pawlina, ankabwera kuno m'mawa uliwonse musanatsegule. Ndikawabweretsera tiyi ndinkaima panja, n'kumasuzumira pamng'alu wa chitseko. Ankagwetsa yonse, kuyambira wofiira woyamba mpaka wakuda, osaima ngakhale kamodzi. Mpaka mwezi umene anamwalirawu."

Turu anaika pansi nsalu yopukutira.

"Nanga bwanji ife..."

"Akangodziwa kuti wina wawo akuyang'ana, basi. Ngakhale ine. N'chifukwa chake ndinkaima panja."

Ndinakwiya, ndikuuzeni zoona, ndipo sindinadziwe woti ndimukwiyire.

"Bwanji sanatiuze? Tikanatsala. Ku Mangalande konse kuja, kuhotela kuja, tikanatsala kunyumba."

"Ndinawauza kangapo konse kuti akuuzeni," anatero Rożina. "Ulendo wina anavala nsapato kuti abwere kwanu, alamu, adzakuuzeni. Anabwerera panjira. Anati, 'Ndimuuze bwanji? Indri wagula kale sutikesi.'"

Anasiya kiyi pa kauntala n'kutuluka. Turu anapita kukatsuka matambula amene anali atatsuka kale.

Ndaganizira nkhaniyi kwambiri, ndipo mpaka lero sindiona chimene tikanachita. Munthu wako sungaleke kumuyang'ana. Akanatiuza tikanatsala ndithu, koma tikanakhala pafoni ya pakalabu titagwira mitima m'manja, ndipo iye akanadziwa.

Kalabu ilipobe. Tebulo silisitidwanso bwino, ndipo anyamata a masiku ano amasewera akuyankhula, kumenya asanawerame n'komwe, akaphonya n'kuseka. Palibe amatsitsa wailesi. Masana amatha msanga modabwitsa, chifukwa palibe chimene tikudikira. Ine ndimabwerabe kudzamwa tiyi, koma ndinasintha mpando. Ndimakhala chofulatira tebulo, nkhope kukhoma, ndipo Turu nayenso wina akawerama amapeza chochita pansi pa kauntala. Anyamatawo amati takalamba, masewero sititsatanso. Ine ndimangomvera ndi makutu, ndipo ndikamva mpira wagwa m'dzenje sinditembenuka.